Mafunso ndi mayankho: tiatomu tolowa m'mipata ya zitsulo, nkhani ya ma interstitial compound

Ine ndimaphunzitsa tushoni ya chemistry kuno ku Lusaka, ana a Grade 12 ndi ena amene angolowa kumene ku UNZA ndi kumakoleji, ndipo chaka chilichonse tikafika pa ma transition metal (zitsulo za pakati pa periodic table, monga ayironi ndi titanium) pamakhala kamutu kamodzi kamene ana amangoloweza ngati vesi ya ku Sande sukulu, ati amapanga ma interstitial compound, ndi olimba, sasungunuka msanga, magetsi amadutsa, basi kwatha, ukafunsa kuti chifukwa chani onse zii. Zimandiwawa mtima chifukwa nkhaniyi ili panja pomwepa. Atate aang'ono anga ndi welda ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata muja mumaimikidwa mageti ndi mafelemu a zitseko, ndipo zambiri za m'munsimu ndinayamba kuziona pa shedi yawo ndisanazione m'buku. Mafunsowa ndi amene amabwera kawirikawiri, ena ndi a ana asukulu, ena a anyamata a pa shedi.

Interstitial compound ndi chani kwenikweni?

Mawu oti interstice amatanthauza kampata kotsala pakati pa zinthu zosanjikizana. Ndiye interstitial compound ndi chitsulo chimene m'mipata ya pakati pa maatomu ake mwalowa tiatomu tina ting'onoting'ono tosakhala tachitsulo, makamaka haidrojeni, boroni, kaboni ndi naitrojeni. Tiatomu timeneti sitichotsa atomu yachitsulo pamalo pake ayi, timangodzipanikiza pomwe pali mpata. Zitsanzo zomwe mupeza m'mabuku ndi ma carbide, olowa kaboni, monga TiC (titanium) ndi WC (tungsten), ma nitride, olowa naitrojeni, monga TiN, Mn4N (manganese) ndi Fe4N (ayironi), ndi ma hydride, olowa haidrojeni, monga VH0.56 (vanadium) ndi TiH1.7.

Musasokoneze ndi brass. Mu brass, zinki imakhala pampando weniweni wa kopa chifukwa maatomu awo ndi ofanana msinkhu, imeneyo ndi substitutional alloy. Apa tikunena mlendo wamng'ono amene sanapatsidwe mpando koma walowabe.

Chitsulo chili gwa, olo madzi salowa, nanga mipata ichokera kuti?

Pitani ku Soweto Market mukaone momwe amayi ogulitsa malalanje amaunjikira mulu. Amayala mzere wapansi, kenako lalanje lililonse la pamwamba limakhala m'kadzenje ka pakati pa apansi aja, mpaka mulu ufike pansonga. Olo aunjike mwaluso bwanji, zinthu zobulungira sizingagwirane mbali zonse, mipata imatsala ndithu, ndipo mutathira mtedza pamwamba pa muluwo muona ukulowa m'kati osasuntha lalanje olo limodzi.

Maatomu m'chitsulo amasanjika chimodzimodzi. Akasanjika mothinana kwambiri, zomwe timati FCC kapena HCP, amadzaza magawo 74 pa 100 a malo onse, 26 otsalawo ndi mpata. Kasanjidwe kena kotchedwa BCC kamadzaza 68 chabe. Pa mulu wothinana uja mipata ilipo ya mitundu iwiri. Wina uli pakati pa maatomu 4, atatu pansi imodzi pamwamba, ndiwo tetrahedral, ndi waung'ono. Wina uli pakati pa maatomu 6, atatu pansi atatu pamwamba, ndiwo octahedral, wokulirapo. Pa atomu iliyonse yachitsulo pali mpata umodzi wa octahedral ndi iwiri ya tetrahedral. Mukawerengera masamu ake, chinthu chokwana bwinobwino mu octahedral chimakhala 0.414 ya msinkhu wa atomu yachitsulo, mu tetrahedral 0.225. Madzi sangalowe chifukwa molekyu ya madzi ndi yaikulu kuposa timipata timeneti, koma atomu imodzi ya haidrojeni kapena kaboni imatha.

Bwanji ma transition metal okha? Sodium ndi calcium alibe mipata?

Funso labwino ili, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amataya malikisi chifukwa amayankha kuti "chifukwa ali ndi mipata" n'kusiyira pomwepo. Mipata ili m'chitsulo chilichonse. Sodium ndi calcium ali ndi maatomu aakulu kuposa a ayironi, mipata yawo ndi yaikulunso. Ndiye nkhani si mpata wokha, nkhani ndi zomwe zimachitika mlendo uja akalowa.

Sodium ndi calcium amataya ma elekitironi awo akunja mosavuta maningi. Akakumana ndi haidrojeni kapena kaboni amangopereka zonse, pamatuluka chinthu chokhala ngati mchere, cha ma ion (maatomu amene ataya kapena kulandira ma elekitironi), uchitsulo wonse watha. NaH, wa sodium ndi haidrojeni, ndi ufa, suwala, magetsi sadutsa. CaC2, wa calcium ndi kaboni, ndi kabaidi uja amene ba welda a gasi ndi ma panel beater akale ankagwiritsa ntchito, timiyala totuwa tonunkha, mukathirapo madzi pompo amayamba kutuluka thovu ndi gasi wa acetylene. Ameneyo si interstitial compound.

Ma transition metal, monga titanium, vanadium, chromium, manganese, ayironi, cobalt, nickel, tungsten, ali ndi ma d orbital (ena mwa malo amene ma elekitironi amakhala mu atomu) osadzaza. Sataya ma elekitironi onse, komanso sawaumira. Kaboni kapena naitrojeni ikalowa mumpata, ma d orbital a maatomu ozungulira aja amalumikizana ndi ma p orbital a mlendoyo n'kugawana ma elekitironi, koma panthawi yomweyo ma elekitironi ena amatsalabe akuyendayenda m'chitsulo chonse monga kale. Ndiye mumapeza chinthu cha mitundu iwiri pamodzi, chomangika mwamphamvu ngati covalent (kugwirana kogawana ma elekitironi) koma chikadali ndi khalidwe lachitsulo. Onjezani kuti maatomu a zitsulo zimenezi amagwirana okhaokha mwamphamvu kale, moti chimango chawo chimapirira kutambasuka pang'ono mlendo akalowa. Titanium carbide muponyeni m'madzi sabata yonse, palibe chichitike, pamene kabaidi wa calcium akanatha kalekale.

Atomu iliyonse ingalowe?

Ayi, iyenera kukhala yaing'ono ndithu. Katswiri wina wa ku Sweden, Gunnar Hägg, cha m'ma 1930 anaona kuti ngati msinkhu wa mlendo uli pansi pa 0.59 ya msinkhu wa atomu yachitsulo, zimasanjika mophweka, chitsulo m'malo ake mlendo m'mipata. Ikadutsa 0.59 kasanjidwe kamapotoka n'kukhala kovuta.

Yesani nokha. Kaboni ndi pafupifupi ma picometre 77 (muyezo wa tinthu tating'ono ngati maatomu), titanium pafupifupi 147. Mukagawa mupeza 0.52, ndiye TiC imasanjika bwinobwino ngati mchere wa patebulo, titanium m'makona kaboni m'mipata ya octahedral. Ayironi ndi pafupifupi 126, mukagawa mupeza 0.61, yadutsa pang'ono chabe, koma n'chifukwa chake Fe3C, carbide ya ayironi imene timati cementite, ili ndi kasanjidwe kopotoka kosiyana ndi TiC.

Pali china chomwe mabuku ambiri sanena. Fanizo la mtedza m'malalanje lija limathandiza poyamba koma silikwana, chifukwa nthawi zambiri mlendo akachuluka eni nyumba amasintha kakhalidwe. Titanium payekha amasanjika HCP, koma mu TiC maatomu a titanium ali FCC. Ndiye si kungodzaza maenje, pamakhala kugwirana kwenikweni.

N'chifukwa chani zimalimba choncho?

Chitsulo chopanda chosakaniza ndi chofewa kuposa momwe anthu amaganizira. Waya wa kopa mumaupinda ndi zala. Chimapindika chifukwa mizere ya maatomu imatererekana, ndipo siterereka yonse kamodzi ayi, imasuntha atomu imodziimodzi, kacholakwika kamene timati dislocation kakuyenda m'kati.

Ganizani za minibasi ya ku Chawama kapena ku Matero. Pampando wakumbuyo pali anthu, ba kondakitala akuti sendelani, woyamba asendela, wachiwiri alowa pomwe wachoka mnzake, mpaka mzere wonse wasuntha popanda wina kunyamula mnzake. Manje ikani chidebe cha nsomba pakati pa miyendo ya uyu, thumba la malasha apa, mwana wasukulu wapanikizika apo. Nenaninso kuti sendelani. Palibe asunthe, onse ali ndii. Ndi zomwe kaboni amachita m'chitsulo, amakhala m'mipata, amakankha maatomu oyandikana nawo, ndipo dislocation ikafika pamenepo imakodwa. Mu ma carbide enieni monga TiC ndi WC pamawonjezeka kuti chitsulo ndi kaboni agwirana ndi ma bond olunjika mbali imodzi amene salola kupotoka. Tungsten carbide pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba ali cha pa 9, dayamondi ali pa 10, ndipo ma boride ena, olowa boroni, amayandikira komweko.

Koma kulimbako kuli ndi mtengo wake. Chinthu chimene sichingapindike chikapanikizidwa kwambiri chimasweka. Carbide sakandika wamba koma mukamumenya ndi hamala amabenthuka ngati mbale yadothi.

Ndiye steel amene timapangira mageti ndi interstitial compound?

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe nkhani yonse imaonekera ndi maso. Steel ndi ayironi wokhala ndi kaboni pang'ono. Kaboni wina amasungunukira m'mipata ya ayironi, umeneyo timati interstitial solid solution, wina amapanga Fe3C imene ili ndi kaboni 6.67 peresenti. Ma square tube ndi ma angle iron a mageti ndi mild steel, kaboni wake safika olo 0.3 peresenti, n'chifukwa chake amadulika ndi hakiso komanso amawotchereka bwino. Sipuling'i ya galimoto ili ndi cha pa 0.6. Fayelo yonolera ili cha pa 1 kapena kupitirira. Cast iron, ngati wa mapoto olemera aja ndi mabuloko a injini, ali pakati pa 2 ndi 4, ndipo akagwa amasweka. Onani momwe kusiyana kochepa choncho kumasinthira zonse.

Ayironi ali ndi khalidwe lodabwitsa. Akazizira amasanjika BCC, timati ferrite. Akatentha kufika madigiri 912 amatembenuka kukhala FCC, timati austenite, mpaka 1394 pomwe amabwerera ku BCC, kenako pa 1538 amasungunuka. Mu steel, kaboni amatsitsa kutembenukaku, kumayambira cha pa 727. Manje chodabwitsa n'chakuti BCC ili ndi malo opanda kanthu ambiri kuposa FCC, 32 kuyerekeza ndi 26, koma malowo ndi ogawikagawika m'timipata ting'onoting'ono, pamene FCC ili ndi mipata yochepa koma yotakasuka. Ndiye ferrite amasunga kaboni 0.022 peresenti chabe, pomwe austenite amafika cha pa 2.1. Kusiyana pafupifupi ka 100.

Ndi zimenezi atate aang'ono amagwiritsa ntchito olo sanawerengepo mawu oti austenite. Anthu ochokera kumunda amawabweretsera masipuling'i akale a malole ndi ma Land Cruiser kuti awasulire nkhwangwa ndi zikwanje. Amaika chitsulo m'malasha, mnyamata akupukusa chopemerera moto, mpaka chifiire psuu ngati dzuwa lolowa, ndiye amatenga maginito ya sipika yakale yomangidwa pa waya n'kuyandikiza. Maginito ikasiya kugwira amati chatsala pang'ono, amadikira kamphindi, kenako chitsulo chija chubwi m'chitini cha oyilo wakale wa injini, utsi tolo. Zomwe zachitika m'kati ndi izi, kutentha kuja kaboni analowa m'mipata yotakasuka ya austenite, ndiye pozizira mwadzidzidzi ayironi akufuna kubwerera ku BCC koma kaboni sanapeze nthawi yotuluka, watsekeredwa m'timipata tosamukwana, chimango chonse chatupa mbali imodzi. Chimenecho ndiye martensite, dzina lake linachokera kwa Adolf Martens wa ku Germany. Fayelo ukaipititsa pa mpeni wotero imangoterereka, siluma.

Ndili ndi zaka 15 ndinasula mpeni wanga woyamba kuchokera ku kachidutswa ka sipuling'i, masiku atatu ndikumenya ndi kunola. Oyilo anali atatha tsiku limenelo ndiye ndinauviika m'madzi ozizira a m'dilamu. Ndinamva kuti thee m'madzi momwemo, kuutulutsa unali ndi mng'alu kuchokera kukamwa mpaka kumsana. Ndinalira ndithu. Atate aang'ono sanandikalipire, anangoutenga n'kuuthyola ndi pulayala kuti ndione m'kati, munali motuwa mosalala ngati ufa wa simenti, n'kunena kuti mwanawe madzi amathamanga kwambiri pa chitsulo cha sipuling'i. Zoona, madzi amaziziritsa msanga kuposa oyilo, kunja kumauma m'kati mukadali motentha, ndipo martensite potupa amang'amba.

N'chifukwa chake pambuyo poviika amabwezeranso chitsulo pamoto wochepa, tempering. Amapukuta kukamwa kuti kuwale kenako amayang'ana mtundu ukuyenda, poyamba ngati udzu wouma cha pa madigiri 220, kenako kofiirira, kenako buluu cha pa 300. Pamenepo kaboni wina amatuluka m'malo opanikizika aja n'kupanga timadontho ta carbide, kulimba kumatsika pang'ono koma chitsulo chimasiya kusweka. Mpeni amausiyira pa udzu wouma, nkhwangwa amaipititsa patsogolo chifukwa imakamenya mitengo youma.

Ati melting point yawo imaposa ya chitsulo chenichenicho. Nthawi zonse?

Nthawi zambiri, osati nthawi zonse. Titanium amasungunuka pa madigiri 1668, koma TiC amapitirira 3100 ndipo TiN ali cha pa 2900. Tantalum carbide ndi hafnium carbide ali cha pa 3900, ali m'gulu la zinthu zovuta kusungunula kuposa zonse zomwe tikudziwa. Chifukwa chake ndi ma bond owonjezera aja pakati pa chitsulo ndi mlendo, kuti usungunule uyenera kuthyola onsewo.

Koma tungsten payekha amasungunuka pa 3422, pomwe WC ali cha pa 2800 ndi kanthu, ndiye apa carbide ndi amene ali pansi. Steel ndi cast iron nawonso amasungunuka pansi pa ayironi weniweni, cast iron amayamba cha pa 1150. Ndipo ma hydride ambiri ukawatenthetsa amangotulutsa haidrojeni asanafike n'komwe posungunuka. Pa mayeso lembani zomwe silabasi ikufuna, kuti melting point imakhala yokwera, koma dziwani kuti lamuloli limagwira bwino pa ma carbide ndi ma nitride a zitsulo za gulu 4 ndi 5 pa periodic table, monga titanium ndi tantalum.

Magetsi amadutsabe? Nanga dzimbiri?

Amadutsa, chifukwa ma elekitironi oyendayenda aja akadalipo, ndipo zambiri zimawalabe ngati chitsulo. Ichi ndi chomwe chimawasiyanitsa ndi mchere wouma kapena dayamondi. Tungsten carbide ndi wovuta kudula ndi chida wamba, koma poti magetsi amadutsa, m'mafakitale amamudula ndi makina a mbaliwali za magetsi (ma spark) otchedwa EDM.

Za kusachita dzimbiri, TiC, TiN, WC ndi TaC salabadira madzi ngakhale ma asidi ambiri. Koma ma carbide a manganese, ayironi, cobalt ndi nickel, omwe aja anadutsa 0.59 ya Hägg, asidi wochepa mphamvu amawaphwanya. Ndipo geti yanu ichita dzimbiri mvula ya Disembala ikayamba ngati simunaipake penti, kaboni wa m'kati sateteza ayironi ku mpweya ndi madzi.

VH0.56 ndi TiH1.7, kodi pali theka la atomu?

Palibe. Manambalawo ndi avareji. TiH1.7 ikutanthauza kuti pa maatomu 10 a titanium pali 17 a haidrojeni. Mipata ya tetrahedral ilipo iwiri pa titanium aliyense, ikadzaza yonse mupeza TiH2, koma sikuti iyenera kudzaza yonse, zimadalira kutentha ndi kuchuluka kwa gasi panthawi yopanga. TiC nayenso amapezeka kuyambira pomwe kaboni wadzaza pafupifupi theka la mipata mpaka pafupifupi yonse, kasanjidwe kake kosasintha. Zimenezi timati non-stoichiometric. Musataye nthawi kufunafuna oxidation state ya vanadium mu VH0.56 kapena ya manganese mu Mn4N, malamulo a valency amene munaphunzira ku Grade 10 sagwira pano chifukwa si ma ion amene akulipirana ngongole.

Chenjezo limodzi, si chilichonse cha manambala otere chomwe chili interstitial. Fe0.95O ili choncho chifukwa maatomu ena a ayironi akusowa pamalo awo, imeneyo ndi nkhani ya ma vacancy.

Haidrojeni ndi gasi, amakhala bwanji m'chitsulo?

Molekyu ya H2 ikafika pankhope ya chitsulo china imagawika kukhala maatomu awiri, ndipo poti atomu ya haidrojeni ndi yaing'ono maningi imalowa n'kumadumpha mpata ndi mpata. Palladium ndiye katswiri, amamwa haidrojeni wochuluka mpaka pafupifupi ka 900 kuposa kukula kwake, Thomas Graham anaziona zimenezi mu 1866. Ukamutenthetsa amamubweza. Ndipo poti gasi wina aliyense sadutsa, timapepala ta palladium timagwira ntchito yosefa haidrojeni. Mabatire a NiMH, otchajanso aja, kuphatikizapo a ma Toyota Prius ambiri, amasunga haidrojeni m'mipata ya zitsulo zosakaniza za mtundu wa LaNi5 (lanthanum ndi nickel), imene imatha kufika pa LaNi5H6.

Si zitsulo zonse zomwe zimapanga hydride mosavuta, za gulu 7, 8 ndi 9 sizitero, mabuku amati hydride gap. Koma olo pang'ono pomwe haidrojeni walowa mu steel amavutitsa. Amathamangira pamalo opanikizika ndi m'timing'alu, chitsulo chimayamba kusweka mosachenjeza. Anzanga a welding mvetserani apa. Ndodo zowotcherera zikanyowa, kapena mukawotcherera pa chitsulo cha oyilo, penti ndi dzimbiri, moto wa arc umaphwanya chinyezi chija, haidrojeni amalowa m'chitsulo chosungunuka, ndipo mng'alu umatha kutuluka mawa lake kapena mkuja ntchito itaperekedwa kale. Pa mild steel ya mageti ndi ndodo za 6013 vuto silikhala lalikulu, koma pa chasisi, pa sipuling'i, pa towbar ya ngolo, m'pofunika ndodo za 7018 zouma bwino ndi kuyamba mwatenthetsa chitsulocho. Ndinaonapo towbar itathyoka pa joini yooneka bwinobwino kunja, ndodo zake zinagona pansi pa shedi yodontha nyengo ya mvula. Mwamwayi ngoloyo inali yopanda katundu komanso panalibe munthu kumbuyo.

Ma drill bit agolide aja a ku Kamwala, ndi golide weniweni?

Ayi, ndi titanium nitride, TiN, kakhungu kopyapyala kwambiri, ma micrometre ochepa chabe, pamwamba pa steel. Mtundu wagolide ndi wake wachibadwa. Amalimbitsa kunja ndi kuchepetsa kukhuzana, bit imakhalitsa, koma mukainola pa grinder khungulo limachoka pansonga. Samalani pogula, ena ndi utoto chabe pa chitsulo chofewa, mukaboola kawiri mtundu wayamba kusupuka.

Bit yoboolera konkire ndi ina. Yang'anani pansonga, muona kachidutswa kotuwa komatidwa, kameneko ndi tungsten carbide. WC payekha amabenthuka, ndiye amamupera kukhala ufa n'kumuphatikiza ndi cobalt pang'ono, kenako kutenthetsa mpaka cobalt agwire timibulu tonse ngati simenti igwira miyala. Njira imeneyi anaitulukira Karl Schröter ku kampani ya Osram ku Germany mu 1923, ndipo Krupp anayamba kugulitsa ndi dzina loti Widia, kuchokera ku mawu a Chijeremani otanthauza kuti ngati dayamondi. Mano a makina oboola zitsime amene mumawamva akulira m'makomboni atsopano, akudutsa mwala wa limestone wa pansi pa Lusaka, ndi omwewa. A m'migodi ya ku Copperbelt chimodzimodzi. Ndipo cobalt amene amamanga timibuluto amakumbidwa kwambiri ku Congo ndi kwathu konkuno ku Copperbelt, ndiye chitsulo chimatuluka m'dziko ngati mwala n'kubwerera chili pansonga ya bit yokwera mtengo. Ine ndimafuna ana athu aziidziwa chemistry imeneyi mpaka tsiku lina azipanga okha.

Palinso nitriding, pomwe ma giya ndi ma crankshaft amawatenthetsa mu gasi wa ammonia cha pa madigiri 500 kuti naitrojeni alowe kunja kokha. Kunja kumalimba kosadyeka, m'kati mumatsala mofewerapo kuti musathyoke.

Nanga kopa wathu, amapanga nawo?

Kopa ali mu d block, pamodzi ndi ma transition metal anzake, koma pa nkhaniyi ali kumbuyo. Ma d orbital ake ndi odzaza, alibe malo ogawana ndi kaboni, ndiye kaboni salowa mwa iye kwenikweni ndipo palibe copper carbide wa mtundu wa TiC. Mukayenda pa periodic table kuchokera ku titanium kupita kumanja, ma carbide amanka nafooka, TiC wamphamvu, Fe3C wapakatikati, wa nickel wosakhazikika, pofika pa kopa palibe. N'chifukwa chake kopa sungamulimbitse pomuviika m'madzi ali wofiira, m'malo mwake amafewa. Kuti alimbe umamumenya ndi hamala kapena kumusakaniza ndi zinki kapena tini.

Ndingazione ndekha kunyumba popanda labu?

Mungathe, mbaula ndi yokwanira. Pezani masingano awiri osokera, msomali umodzi wamba, pulayala ndi kapu ya madzi. Valani magalasi olo a dzuwa chifukwa kachidutswa kamatha kudumphira m'maso, ndipo ana aang'ono akhale patali. Gwirani singano yoyamba ndi pulayala, ikani pakati pa malasha oyaka bwino, pemererani mpaka ifiire, ndiye iponyeni m'madzi msangamsanga isanade. Itulutseni muyese kuipinda ndi pulayala, ithyoka kuti thyo ngati kamtengo kouma. Yachiwiri ifiiritseni chimodzimodzi koma muisiye izizire pang'onopang'ono m'phulusa lotentha m'mbali mwa mbaula, ikazizira muipinda ngati waya, chifukwa kaboni anapeza nthawi yotuluka m'mipata n'kukapanga Fe3C payekha. Kenako chitani za madzi zija ndi msomali. Olo muuviike kangati upindikabe, kaboni wake ndi wochepa kwambiri kuti atseke mizere. Mukafuna kupitiriza, tengani singano yachitatu, iviikeni ngati yoyamba, ipukuteni ndi sandipepa kuti iwale, ndiye muiyandikize pamoto pang'onopang'ono mpaka muone buluu akuyenda, muichotse pompo. Imeneyo mukaipinda pang'ono n'kuisiya imabwerera yokha ngati sipuling'i.